Chilimwe Chimene Galimoto ya Bambo Inatsimphina

Fungo la parafini silindikumbutsa nyali ine. Anzanga akalimva amakumbuka koloboyi ndi mabuku a sukulu, koma ine limanditengera kwathu kwa Kalembo, pansi pa mtengo wa bwemba pamene bambo ankaimika galimoto yawo. Anali masiku a Chitaganya, ine ndili kamtsikana koguluka mano akutsogolo. Thonje linali litayera m'minda, mwera ukuulutsa timaulusi take mpaka m'mitsuko ya madzi akumwa, ndipo mudzi wonse unkangoyetsemula.

Bambo ndinawadziwa mochedwa. Anapita ku Halale ine ndili kumbuyo kwa mayi, ndipo anakhalitsa mpaka anthu anayamba kuwatchula kuti mtchona. Tsiku limene anabwera, kutatsala chaka chimodzi kuti chilimwe ndikunenachi chifike, mayi anandikoka dzanja kuti ndikapereke moni. Ndinagwada patali n'kunena kuti, "Takulandirani, alendo," kenaka ndinathawira kuseri kwa nkhokwe. Anthu anaseka kwambiri. Bambo nawo anaseka, koma kuseka kwawo kunali kwa mano okha. Panapita miyezi ndisanazolowere kudya nawo pafupi, ndipo nditangozolowera ndinawakakamira ngati chisoso pa nsalu. Pofika chilimwe chimenechi mayi anali ndi khanda kumbuyo, mlongo wanga Yosefe.

Ku Halale bambo ankayendetsa galimoto yogulitsa buledi, ndipo pobwera anabwera ndi yawoyawo, yakale, yakuda, imene anagula kwa mzungu wina itatopa kale. Inali galimoto yonyamula anthu ovala bwino, koma bambo analibe nayo ntchito yotero. Anaidula ndi sowo kumbuyo kwa mpando wa dalaivala, mmisiri wa ku mishoni n'kukhomapo bokosi la matabwa a mlombwa. Pansi anawonjezera masipuling'i a lole ina yakufa kuti isamakhale pansi ikasenza. Chinthu chimene ankanyadira koposa chinali debe limene anamangirira kuseri kwa mpando, lokhala ndi kampopi. Ankaliza injini ndi petulo, ikatentha n'kutsegula kampopi kaja kuti izimwa parafini, poti parafini ndiye anali wosaboola m'thumba. Nzeru imeneyi anaionera kwa oyendetsa mathirakitala ku mafamu a kumeneko, ndipo ankaifotokozera aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe.

Kwathu n'kwa chikamwini. Munda unali wa mayi, nyumba inali pa dothi la agogo, ngakhale ife ana tinali mbumba ya atsibweni a Mateyu, mlongo wawo wa mayi. Pakhomo ponse chinthu cha bambo chinali galimotoyo basi, ndi sutikesi yachitsulo imene inkakhala pansi pa bedi, momwe ankasungamo jekete ndi chitupa chawo cha pa ulendo. Atsibweni anali munthu wa pakamwa, ndipo sindibisa, ine sindinkawakonda. Galimoto ikamadutsa ankayang'ana kumbali n'kumanena kuti mkamwini asamakule mwendo. Koma nyengo ya msika wa thonje itafika, ndiwo anali oyamba kukokera matumba awo pansi pa bwemba. Pambuyo pawo pankabwera azakhali, ana a agogo aang'ono, ndi ena amene ubale wawo unkangotulukira nthawi ya thonje. Mkamwini sakana katundu wa akuchikazi. Bambo ankangoti, "Ikani," matumba n'kumakwera mpaka kupitirira denga, pamwamba pake n'kukhalanso eni thonje.

Ine ntchito yanga inali kumvetsera. Dzuwa likapendeka ndinkakwera pa chulu cha kumapeto kwa munda, n'kutchera khutu ku msewu wa ku Balaka. Galimotoyo ndinkaimva isanaoneke, fumbi lake lisanatuluke n'komwe kuseri kwa milambe. Kulira kwake kunali ngati mayi ndi abale awo atatu akamasinja m'mitondo iwiri yoyandikana, misi inayi ikugwa motsatana popanda wolakwitsa. Ndikamva zimenezo mtima unkakhala pansi, chifukwa ndinkadziwa kuti lero abweranso.

Tsiku lina musi umodzi unasowa. Itatu inkagwa bwinobwino, pamalo pa wina pamangokhala mpata, ngati mmodzi wa osinja waima kuti akonze mwana kumbuyo. Ndinathamangira kwa mayi n'kuwauza kuti galimoto ikutsimphina. Mayi anali kupeta, ndipo sanatukule n'komwe mutu. Anati za zitsulo ndizisiyire eni ake, ndikatenge chipande. Koma bambo atatsika ndinawauza omwewo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatsegula boneti, ndipo ndinadziwa kuti nawonso anali atamva.

Bambo anali dalaivala, sanali makaniko. Ankadziwa msewu, za m'mimba mwa injini ankangozidziwa pamwamba. M'masiku otsatira anayesa zonse zimene ankatha. Anamasula mapulagi onse anayi, tizitsulo toyera timene timayatsa moto m'kati, n'kuwayala pa mphasa. Atatu anali ouma, ofiirira, koma yachitatu kuchokera kutsogolo inali yakuda bii, yonyowa ndi oyilo. Anaitokosa ndi phini wa mayi, anaiwotcha pa makala, anaibwezera. Galimoto inalira bwino mpaka pa mtsinje, n'kuyambanso kutsimphina. Anagula pulagi yatsopano kwa amwenye, nayonso inada tsiku lomwelo. Anasinthanitsa mawaya, anasinthanitsa mapulagi, koma matenda sanasamuke, anakhalabe pa bowo lomwelo lachitatu. Utsi unayamba kutuluka wobiriwira, wonunkha mafuta opserera, ndipo pokwera kuchoka mumtsinje wouma uja eni thonje ankatsika kuti akankhe.

Atsibweni anakankha nawo kamodzi, ndipo anafika pakhomo thukuta lili kamukamu, mkwiyo uli pamphuno. Ndinali kuseri kwa khitchini pamene ankauza mayi kuti, "Chitsulo chimenechi chatha. Chikangofa, mwamuna wakoyu abwerera komwe anachitenga, uona. Munthu wozolowera chiwongolero sangagwire khasu m'munda mwa apongozi." Ndinangomva chipande cha mayi chikugunda m'mphika. Kuyambira tsiku limenelo ndinagwidwa ndi mantha amene sindinauze munthu. M'mawa uliwonse, bambo akangochoka, ndinkakwawira pansi pa bedi kukaona ngati sutikesi ija ilipo, n'kuipapasa ngati yapukutidwa fumbi. M'mutu mwanga nkhani inali yachidule: galimoto ikafa, bambo apita.

Kenaka bambo anaganiza zopita nayo kwa makaniko wina, Che Kasimu, ku Balaka. Mayi anati apita nawo kuti akagule nsalu ya mbereko, ndipo bambo anati nanenso ndikwere, poti ndine ndinayamba kumva matendawo. Tinanyamuka m'mawa, bokosi lili lopanda kanthu koyamba m'nyengo yonseyo. Ndinakhala kumbuyo nditagwira matabwa, mano otsalawo akugundana. Tinadutsa minda ya thonje yokololedwa kale, ana ogulitsa masawu m'mbale, ndi amayi osenza mitolo amene ankapatuka n'kutseka pakamwa ndi nsalu chifukwa cha utsi wathu. Kutentha kwa ku Balaka kunatichingamira tisanaone n'komwe denga la siteshoni.

Che Kasimu anali Myao wa ku Machinga, wa kwa Kawinga, wamfupi, wa kofia yoyera imene sindikudziwa kuti inkapulumuka bwanji ku gilizi. Ankakonza malole a amwenye kuseri kwa masitolo, pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi njanji. Pamalopo dothi linali lakuda ndi oyilo, ndipo ponseponse panali zitsulo zimene mbuzi zinkadumphapo. Sanafulumire. Anapereka moni kwa bambo, kwa mayi, ngakhale kwa ine, n'kufunsa za kumudzi. Atatero anazungulira galimoto, anagogoda matabwa a mlombwa, anawerama kuona masipuling'i a lole aja, n'kuima pa debe. Anatsegula kampopi, ananunkhiza chala chawo, anayang'ana bambo. Kenaka anatenga kawaya n'kuyamba kutokosa m'timabowo ta rediyeta, momwe mphepo imalowera kukaziziritsa madzi. Munatuluka thonje, lothinana ndi fumbi, lochuluka loti mayi akanatha kupota nalo ulusi.

Anauza bambo kuti alize injini. Bambo anapukusa handulo, galimoto inadzuka n'kuyamba kunjenjemera. Che Kasimu anatenga sikuludiraiva ya chigwiriro cha mtengo n'kundikodola. Anati popeza khutu langa ndi limene linagwira wakuba, ndiime pafupi ndiwathandize. Anagunditsa chitsulocho pa pulagi yoyamba kuti moto wake uthawire kumbali, ndipo injini inagwa mphwayi, kutsala pang'ono kuzima. Anachotsa, inadzukanso. Pa yachiwiri zinachitika chimodzimodzi. Atagunditsa pa yachitatu sipanasinthe kanthu, injini inangopitiriza kutsimphina kwake ngati sanaikhudze. Yachinayi inagwanso mphwayi. Anandifunsa kuti waulesi ndi uti, ndipo ine ndinaloza wachitatu.

"Chambone, wakhoza," anatero Che Kasimu. "Ukatsekereza munthu wogwira ntchito, ntchito imaima. Ukatsekereza wogona, palibe amadziwa. Tsopano tione ngati wagona ndi njala kapena wavulala."

Anamasula pulagiyo, anaigoneka pa chitsulo cha injini, bambo n'kupukusa handulo. Kamoto kobiriwira kanathetheka, kusonyeza kuti moto ukufika. Ndiye anamasula mapulagi onse, n'kutsala mabowo anayi. Anagwira chala changa chachikulu n'kuchitsindika pa bowo loyamba, nauza bambo kuti apukuse pang'onopang'ono. Mpweya unakankha chala changa mwamphamvu mpaka chinadumpha, ndipo ndinaseka. Lachiwiri linatero, lachinayinso. Koma lachitatu linangopuma kampweya kofunda, kofooka, ngati mpweya wa Yosefe akagona. Che Kasimu anathiramo supuni ya oyilo n'kuyesanso ndi chala chawo, koma sipanasinthe kanthu. Apo ndinaona nkhope yawo ikugwa, ndipo kuseka kwanga kunathera pomwepo.

Kumasula chivundikiro cha injini kunatenga nthawi. Mayi anapita kusitolo n'kubwerako, anakhala pa tayala lakale n'kumayamwitsa mwana. Sitima ya katundu inafika, anthu akukweza mabelo a thonje akuimba, ndipo fungo la malasha linasakanikirana ndi la parafini wathu. Chivundikiro chitachoka ndinaona koyamba m'mimba mwa galimoto ya bambo. Munali mabowo anayi akuluakulu onga makapu, m'bowo lililonse muli chitsulo chokwera ndi kutsika chimene Che Kasimu anati ndi pisitoni. Atatu anali akuda koma athunthu. Wachitatu anali ndi chiboo pakati, chachikulu ngati nzama, m'mphepete mwake mutasungunuka. Che Kasimu analowetsa chikhadabo m'khoma la bowolo, ndipo chinkakodwa m'mizere imene zidutswa zinakanda.

Sanawanyoze bambo, ndipo mpaka lero ndimawalemekeza chifukwa cha chimenecho. Anangofotokoza kuti injini ya thirakitala inapangidwira parafini, koma iyi iyayi, parafini amaipsereza m'kati n'kumaigogoda. Thonje linatseka mphepo, madzi n'kumawira. Pamwamba pa zonsezo panali katundu wa lole pa msana wa galimoto yonyamula anthu anayi. Bambo anamvetsera atagwira chipewa m'manja. Pa za parafini anavomera ndi mutu. Pa za katundu anayang'ana kumene kunali mayi, mayi n'kuyang'ana pansi.

"Njira zilipo ziwiri, achimwene," anatero Che Kasimu. "Pisitoni wa mtundu uwu kuno simumupeza, ngakhale ku Limbe ndakayika. Ali komwe munaigula. Muiimike pa miyala, mupite mukagwireko ntchito chaka chimodzi kapena ziwiri, mubwere ndi zitsulo, ine ndidzaidzutsa ikhale ngati yatsopano. Njira inayo, ndichotse wovulalayu, iziyenda ndi atatu. Kuyenda iyenda, koma izidzigwedeza yokha mpaka msana wa injini udzathyoka. Ikadzafika apo palibenso mmisiri adzaidzutse. Mvula ikubwerayi sindikhulupirira kuti idzaiona."

Bambo anavala chipewa chawo. Anayenda mpaka pa waya wa siteshoni, anaima kuyang'ana njanji yolowera kumwera, anabwerera. Anasisita matabwa a mlombwa aja ndi chikhatho. Yosefe anali atamaliza kuyamwa ndipo ankalimbana ndi mkanda wa mayi. Bambo anawerama n'kumupatsa chala chawo chakuda ndi oyilo, iye n'kuchigwira.

"Chotsani wovulalayo," anatero bambo.

"Mwamva bwino zimene ndanena? Mukuipha."

"Ndamva, Che Kasimu. Moni wa alendo ndinaulandira kamodzi, wandikwana."

Ine pa mawu onsewo ndinatolapo amodzi okha, akuti kuyenda iyenda. Ndinalumpha ndi chimwemwe mpaka mayi anandidzudzula kuti ndisachite ngati mwana wosalangizidwa pamaso pa anthu. Che Kasimu anagwira ntchito mpaka dzuwa linapendeka. Anatulutsa pisitoni wobookayo ndi mkono wake, pamene panali mkonopo anamangapo chikopa ndi waya kuti oyilo asamathawirepo, n'kutseka njira ya mafuta yopita ku bowo lija. Debe la parafini analimasula okha n'kupatsa mayi kuti azikatungira madzi. Pisitoniyo anandipatsa ine, ndipo ndinabwerera kumudzi nditamukumbatira, ndikusuzumira milambe pa chiboo chake.

Kuyambira pamenepo galimoto inkatsimphina poyera, mopanda manyazi. Inkagwedezeka mpaka misomali ya bokosi inkatuluka yokha, ndipo bambo ankayenda ndi hamala pansi pa mpando. Ana a m'midzi ya m'njira ankaithamangira akutsanzira kulira kwake. Katundu inkanyamula theka, ndipo atsibweni anadandaula kuti mkamwini wayamba kusankha. Koma thonje lonse la mbumba linafika kumsika, lawo lomwe. Ine ndinkakwerabe pa chulu madzulo alionse, ndipo misi itatu ija ndinaizolowera mpaka inayamba kundikomera kuposa inayi. Ndinkauza anzanga monyada kuti bambo anga ndi Che Kasimu anachiritsa galimoto, ndipo amene ankatsutsa ndinkamenyana naye.

Inafa mitambo itayamba kusonkhana, masiku amene anthu ankamaliza kusosa. Sindinaione ikufa. Ndinali pa chulu, ndinaimva ikubwera kutsidya kwa mtsinje, kenaka kunamveka kugunda kumodzi kwakukulu, basi kunangoti zii. Inafika pakhomo itakokedwa ndi ng'ombe za munthu wina, bambo ali pa chiwongolero, mudzi wonse ukuonerera. Anaiimika pansi pa bwemba, anatsika, anatseka chitseko bwinobwino ngati mawa aiyendetsanso. Atsibweni anayang'ana mayi ndi diso lakuti ndinanena ine. Tsiku limenelo sindinadye, ndipo mayi anaganiza kuti ndi malungo.

M'mawa mwake ndinadzuka bambo palibe. Ndinakwawira pansi pa bedi. Sutikesi inalipo. Ndinayesa kuikoka koma inali yolemera modabwitsa, ndipo nditatsegula ndinapeza yadzaza ndi mtedza wa mbewu, umene mayi anabisamo kuopa makoswe. Jekete ija inali pa msomali kukhoma. Ndinatuluka kuthamangira kumunda, ndipo ndinawapeza kumeneko, ali ndi khasu la agogo, akuunga mizere yokhotakhota ngati ya mwana wophunzira kumene. M'manja mwawo munali mutatuluka kale matuza. Atsibweni anali ataima m'malire akuwaphunzitsa mokweza kuti aliyense amve, ndipo bambo ankangoti, "Ndamva, alamu."

Galimotoyo inakhala pansi pa bwemba zaka zambiri. Nkhuku zinkaikira pa mpando wa dalaivala, matabwa a mlombwa anasanduka chitseko cha khitchini, ndipo pisitoni uja mayi ankatsekera chitseko chomwecho kuti chisamenyeke ndi mphepo. Bambo sanagwirenso chiwongolero moyo wawo wonse. Nthawi zina lole ikamadutsa pamsewu ankaimitsa khasu n'kumvetsera mpaka itazimirira, kenaka n'kulavulira m'manja n'kupitiriza.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti galimoto ndiyo inkasunga bambo pakhomo, ndipo itafa iwo osachoka ndinangoti tachita mwayi. Ndinali nditakula, ndili ndi ana anga, pamene mawu a pansi pa mango aja anabwerera m'mutu mwanga onse athunthu, osati amodzi okha amene ndinatola tsiku lija. Munthuyo anauzidwa momveka kuti chinthu chake chokhacho pamudzi wa eni chikhoza kupulumuka ngati iye atachoka, ndipo anasankha kuchimva chikudzithyola pang'onopang'ono pansi pa mapazi ake, ana akumuseka m'njira. Mvula ya chaka chimenecho itagwa, Yosefe anayamba kuimirira. Ankagwira tayala lakuphwa la galimoto ija, n'kulisiya, n'kugwera pa miyendo ya bambo yamatope. Iyeyo sanathawirepo kuseri kwa nkhokwe.